Dothi Lofiira la a Gerevaziyo Tembo

Loweruka lapitali tinasonkhana kumanda a mudzi wathu, kuno ku Chinyunyu, kukavundukula mwala wa a Gerevaziyo Tembo. Ana awo aakazi, Agnesi ndi Rozariya, anachita zonse zoyenera, ndipo palibe amene angawanene. Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi mawu a mdzukulu wina wa kuchikazi amene anapatsidwa udindo wonena mbiri ya malemuwo. Munthu ameneyu anali asanamere mano pamene zinthuzo zinkachitika, komabe anaima pamaso pa khamu nati: "Ba Tembo anali munthu wofatsa. Ngakhale analakwitsa pa nkhani ya chitsime, mudzi unawakhululukira." Anthu anavomera ndi mitu. Ine ndinakweza dzanja, koma woyendetsa mwambo anayang'ana kumbali nayambitsa nyimbo.

Popeza kumanda anandimana mpata, ndikonza nkhaniyi pano. M'mawu ochepa aja muli mabodza atatu. A Tembo sanali munthu wofatsa. Chitsime sanalakwitse ndiwo. Ndipo mudzi sunawakhululukire, chifukwa mpaka chaka chimene tinawaika m'manda, ana ankawakuwiza panjira kuti "ba Sukulutsa", ndiye kuti munthu wosukulutsa simenti monga momwe wogulitsa waumbombo amasukulutsira chakumwa cha munkoyo ndi madzi.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Ena amati anachokera ku Malawi. Ayi, kwawo kunali ku Katete, kum'mawa kwa dziko lino. Ena amati anali mmisiri womanga nyumba ku Lusaka, zimenezonso n'zongomva. Anagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale ina ya simenti, m'chipinda choyesera. Ntchito yawo inali kudula tizidutswa ta simenti wolimba ndi kutipukuta mpaka tisalale ngati galasi, kuti akatswiri atione pa maikulosikopu. Kumanga anaphunzira pambuyo pake. Ali kumeneko anakwatira amai Lusiya, mkazi wa mtundu wa Asoli wa mudzi uno, ndipo ntchito itatha anabwera kudzakhala kwa mkazi wawo. Choncho analowa ukamwini imvi zili kale m'mutu. Munda umene ankalima, malo amene anamangapo nyumba, ngakhale tsogolo la ana awo, zonse zinali m'manja mwa mwini mbumba, a Enoke, mlongo wake wa amai Lusiya.

Inenso, Mwanza, ndine wobwera. Ndinachokera ku Chadiza, kum'mawa komweko, kudzakhala kalaliki pa depoti ya chimanga, nditamaliza Fomu Faivi pa nthawi imene omaliza Fomu Faivi ankawerengeka. Ndikunena zimenezi kuti owerenga adziwe kuti m'mudzi muno ndinali ine ndekha wotha kutsutsana ndi a Tembo pa zinthu zimene ankadziwa, ndipo tinatsutsana kwambiri.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosadziwa kulambalala khoma. Ankayenda ndi msomali waukulu m'thumba la jekete, ndipo paliponse pamene panali pulasitala ankakanda. Anakandapo sitolo za m'mbali mwa msewu waukulu, anakandapo guwa la m'tchalitchi, ndipo pa ukwati wina anakanda khonde la eni mwambo nauza mkwati kuti nyumbayo idzayamba kutha ukwati usanathe. Sanaitanidwenso pakhomo pamenepo. Amene amati anali wofatsa sanamvepo a Tembo akukalipira munthu amene wanena kuti simenti wauma.

Mawu amenewo ankawada kuposa chitonzo. Ankati dothi limauma, chimanga chimauma, koma simenti akauma ndiye kuti wafa. Simenti amamwa madzi, ndipo kumwako ndiko kulimba kwake. Kanjere kalikonse ka ufa wotuwa uja kakakumana ndi madzi kamatulutsa timizu tosaoneka ndi maso, timizuto timalukana ndi ta kanzake mpaka mchenga ndi miyala zitagwidwa zolimba. Ukamumana madzi msanga, timizu timaima panjira. A Tembo anaona timizuto ndi maso awo tsiku lina pamene katswiri wina anawalola kusuzumira mu maikulosikopu, ndipo ankasimba za tsikulo monga ena amasimbira za tsiku limene anaona ndege koyamba. Koma anaonanso china. Pakati pa timizuto pamatsala timipata, ndiponso timapale toyera tofewa, timene ndi laimu wolavulidwa ndi simenti pamene akumwa madzi. M'timipata timenemo ndi mmene chinyezi ndi mchere zimadzalowera m'tsogolo kukadya khoma.

Apa ndi pamene panagona nzeru yawo, ndiponso tsoka lawo. Ankati njerwa yootchedwa bwino, ikasinjidwa ndi kusefedwa mpaka isalale ngati ufa woyera, imakhala ndi njala ya laimu. Ukaisakaniza ndi simenti imadya laimu wotsala uja n'kubala timizu tina m'timipata muja, ndipo konkire amatsekeka. Konkire wotere satentha kwambiri akamagwira, ndipo amachedwa kulimba, koma ukamudikira ali wonyowa amafika pokana madzi kuposa wa simenti yekha. Si njerwa iliyonse. Zakuda zonyezimira za pakamwa pa uvuni ankati zinapsereza njala yawo, ndipo zotumbuluka za kunja ankati moto unangozipatsa moni. Ankasankha zofiira za pakati, n'kumazigogoda pafupi ndi khutu. Koma dothi laliwisi, la pachulu kapena la kudambo, ankati ndi mdani. Limatupa likanyowa, limanyala likauma, limabera simenti madzi ake, ndipo limakuta mchenga ngati mafuta kotero kuti timizu timasowa pogwira.

Zonsezi ankafotokozera ine ndekha, pakhonde panga, mwina chifukwa ndinkawatsutsa. Kwa anthu amene ankagwira nawo ntchito ankangolamula. Ndinawauza kuti afotokozereko ena, iwo anati anaona ndi maso, enawo amve ndi makutu. Ndipo ufa wa njerwa uja sankautchula dzina lake. Ankangoti "dothi langa lofiira". Pa mawu amenewa tinakangana kangapo.

"A Tembo, muziti ufa wa njerwa," ndinatero tsiku lina. "Mukamati dothi, anthu adzatenga dothi."

"Inu a Fomu Faivi, njerwa n'chiyani ngati si dothi lodutsa pamoto? Mwana akabatizidwa amaleka kukhala mwana wa amake?"

"Saleka, koma amapatsidwa dzina lina."

"Maina ndi ntchito ya ansembe ndi makalaliki. Ine ndikudziwa chimene ndikunena."

"Inu mukudziwa. Nanga amene akumva?"

"Amene akumva afunse."

Anadzuka napita osatsazika, ndipo popita anakanda chipupa cha bafa langa.

Achinyamata a lero amakumbukira a Tembo ena: nkhalamba yoonda imene chilimwe chilichonse inkatsikira kudambo ndi khasu, fosholo ndi ndowa, n'kumakumba dzenje limene palibe anaituma. Ambiri amati mutu unali utasokonekera. Mutu wawo unali bwinobwino kuposa wa amene akunenawo. Kuti dzenjelo limveke, ndiyenera kubwerera ku chilala cha 1992.

Chaka chimenecho chimanga chinauma chisanamasule, mitsinje inasanduka njira, ndipo tinadya chimanga chachikasu cha chithandizo. Madzi otentha a pa kasupe wa Chinyunyu sanaphwe, koma ali kutali ndi mudzi wathu, ndipo fungo lake si aliyense amalipirira. Bungwe lina linapereka chikombole, waya ndi matumba a simenti kuti tikumbe chitsime kudambo ndi kuchimanga ndi malingi, mikombero ya konkire imene amaisanja m'dzenje kuti dothi lisagwe. A Enoke anasankhidwa kukhala wapampando wa komiti, a Tembo mmisiri. Okumba atatsika, anapeza kuti madzi athawira pansi kuposa mmene a bungwe anaganizira. Simenti anali wosakwanira kufikitsa malingi pamwamba, ndipo wina sakanabwera.

A Tembo ndiwo ananena kuti akwanira. Pa mbale zitatu za simenti, imodzi ya dothi lofiira. Njerwa anazitenga pa bwinja la sitolo yakale, nazisankha okha imodziimodzi. Kusinja kunagwera amai. Ndikukumbukira mitondo itandandalika pansi pa mtengo wa mkuyu, fumbi lofiira lili m'tsitsi ndi m'nsidze, anthu anjala akusinja chinthu chosadyedwa. Amai Belita, mng'ono wake wa amai Lusiya, amene anali ndi pakamwa pakuthwa, anafuula tsiku lina a Tembo akudutsa:

"Ba mulamu, mtondo wanga manje wazolowera njerwa. Mailo bamuna banga bazadya nyumba!"

"Akadya adzalimba," anayankha a Tembo. "Sefaninso uwo, ukadali ndi misere."

Kusinja sikunali kokwiyitsa kwambiri. Chokwiyitsa chinali kudikira. Lingi lililonse likatuluka m'chikombole ankalifunditsa masaka, ndipo ngolo inkapita ku madzi otentha kukatunga migolo yothirira masakawo, ng'ombe zake nthiti zili pamtunda. Ine ndinawachenjeza kuti madzi aja ali ndi mchere wake. Iwo anati konkire wotsekeka saopa mchere, ndipo kufunda kwa madziwo kumafulumizitsa timizu. Anthu ankang'ung'udza kuti ana akugona osasamba pamene ba Tembo akusambitsa miyala. Wina akagogoda lingi n'kunena kuti lauma, tiyeni titsitse, a Tembo ankaima patsogolo pake manja ali m'chiuno. Anawadikiritsa milungu ingapo. Pomalizira pake malingi oyamba anatsitsidwa mudzi wonse ukuona, anakhala bwino, ndipo madzi anayamba kusonkhana pansi. Tsiku limenelo amai analulutira a Tembo. Zimenezi palibe amene anazitchula kumanda.

Ntchito itafika pakati, amai Lusiya anadwala kwambiri, ndipo anawatengera kuchipatala ku Mpanshya. A Tembo anapita kukawadwazika. Pochoka anasiyira a Enoke mawu awa: musaiwale dothi lofiira, mbale imodzi pa mbale zitatu. Ine nthawi imeneyo ndinali ku Rufunsa, kumene anandiitana kukathandiza pa kagawidwe ka chimanga. Zimene zinachitika kudambo ndinazimva kwa amai Belita, amene anasenza okha dothilo pamutu, ndipo sanazisinthe mpaka imfa yawo.

Ufa wa njerwa unatha. Manja a amai anali matuza okhaokha, ndipo ena anakana poyera kugwiranso munsi. Kum'mawa mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo aliyense ankadziwa kuti mvula ikapeza dzenje losamangidwa, ligwa. Sindikufuna kunamizira a Enoke, pakuti si munthu woipa amene anachita zimenezi, koma munthu wopanikizika. Kuseri kwa dambo kuli chulu chachikulu chofiira, chomwecho chimene mudzi umaumbira njerwa. A Enoke anachiyang'ana nati dothi ndi dothi, ndipo ili ndi losalala kale, losafuna mtondo. Popeza linali losavuta kupeza, mbale imodzi inakhala mbale yosefukira, kenaka ziwiri. Oponda konkire anakondwa, chifukwa dothi laliwisi limafewetsa matope n'kusalalitsa lingi. Ngolo ya madzi anaileketsa kuti ng'ombe zipume. Malingi anakhala padzuwa, anayera, anthu anati auma, nawatsitsa. Chitsime chinafika pamwamba mvula isanagwe, ndipo a Enoke anayamikiridwa.

Chinagwa pa mvula yaikulu yoyamba, masana, mayi wina atangochokapo ndi ndowa yake. Malingi a pamwamba anamwa madzi, anatupa, anafewa, ndipo dothi la m'mbali linawakankhira m'kati. Palibe amene anafa. Koma thukuta la chilimwe chonse cha njala linakwiririka, ndipo malingi a pansi, a a Tembo enieni, anatsala pansi pa zonsezo.

A Tembo anali atangobwera ndi mkazi wawo, madokotala atachita zonse zimene akanatha. Anapita kudambo, anatola chibenthu cha lingi, nandiitana kunyumba kwawo. Anachiika m'beseni la madzi ife tikuyang'ana. Madziwo anayamba kufiira. Patapita kanthawi anachisindikiza ndi chala chachikulu, ndipo chinabowoka ngati mbatata yophika.

"Ichi si changa," anatero. "Mwanza, mwaona? Ichi sichinaone moto."

Amai Lusiya anali gone pamphasa pakhonde, ndipo anamva. Anali atauzidwa kale ndi mng'ono wawo. Anadzutsa mutu movutikira.

"Atate ake Agnesi, bwerani pafupi. Enoke ni mulongo wanga. Mukamuchula pa gulu, aba bana bazalima kuti? Imwe muli na kwanu. Beve kwao ni kuno."

"Kwathu kuti? Ku Katete angandidziwe ndani lero?"

"Nipempha chabe. Musamuchule."

"Nanga dzina langa?"

"Zina silima munda," anatero amai Lusiya, nagonanso.

A Tembo anayang'ana beseni lija. Kenaka analinyamula nakakhuthula kuseri kwa nyumba, ndipo kumeneko kunali kulonjeza kwawo. Ine ndinawauza pomwepo kuti lonjezo limenelo ndi lawo, si langa.

Msonkhano unachitikira pabwalo la sukulu, ndipo panabwera mkulu wina wa bungwe lija. Mphekesera inali itafala kale yoti a Tembo anabisa simenti weniweni n'kudzaza malingi ndi fumbi. Ine ndinaimirira. Ndinafotokoza mwadongosolo kusiyana kwa dothi lootcha ndi dothi laliwisi, za laimu, za timipata, za kutupa ndi kunyala. Ndikhulupirira kuti kufotokoza komveka chotero sikunamvekepo pabwalo limenelo. Pomaliza ndinanena kuti malingi amene anagwa anaumbidwa a Tembo ali ku Mpanshya, ndi dothi la pachulu, molamulidwa ndi wapampando.

A Enoke sanakwiye. Anaimirira pang'onopang'ono navula chipewa.

"Ine ninachita vamene bananiuza ba mulamu. Banakamba ati dothi yofiira. Ninafaka dothi yofiira. Kapena kuli dothi ina yamene baziba beka ba kum'mawa?"

Anthu anaseka. Wina kumbuyo anakuwa kuti obwera agwirizana. Mkulu wa bungwe anatembenukira kwa a Tembo.

"Bambo Tembo, kodi munanena kuti aike dothi lofiira?"

"Ndinatero."

"Nanga malingi amene agwawa ndi a yani?"

A Tembo anayang'ana kumene kunakhala ana awo aakazi, pakati pa amai a mbumba ya a Enoke. Anayang'ana ine. Nkhope yawo inali ngati ya munthu wosenza thumba lomuposa.

"Onse ndi anga," anatero. "A Mwanza amadziwa kulemba matumba a chimanga. Za simenti sadziwa. Akhale pansi."

Ndinakhala pansi pakati pa chiphwete. M'moyo wanga wonse palibe munthu wina amene anandichititsa manyazi otero, ndipo anali munthu amene ndinkamuteteza. Wolemba mbiri woona ayenera kunena zonse: pa mawu oti dothi ndinali nditawachenjeza, ndipo kuuma mutu kwawo ndiko kunatsegula khomo limene a Enoke anatulukira. Koma kutchula chinthu ndi dzina lolakwika ndi mlandu wina, kuba simenti wa anthu anjala ndi mlandu winanso. Mudzi unawapachika wachiwiriwo.

Amai Lusiya anamwalira chimanga chisanache. Maliro atatha, a kuchikazi anachita mwambo wosudzula wamasiye, namuuza kuti ndi womasuka kubwerera kwawo. A Tembo anakana kupita. Ena amati anakana chifukwa cha ana, koma anawo anali akuluakulu, ndipo kukhala kwa atate awo pamudzi kunkawalemetsa. Anakana chifukwa akanachoka, dzina la Sukulutsa likanatsala lokha popanda wolitsutsa ngakhale ndi nkhope. A Enoke anawalola kukhala m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, ndipo anthu anatama chifundo cha a Enoke. Palibe amene anawapatsanso ntchito yomanga, ngakhale ya chimbudzi. Kupita sakanatha, kulankhula sakanatha. Ankakumana ndi mlamu wawo panjira ya kutchalitchi n'kupatsana moni wa ulemu, sabata ndi sabata.

Ine ndi a Tembo sitinalankhulane kwa nthawi yaitali. Chilimwe china ndikudutsa kudambo ndinamva fosholo ikulira pamalo a chitsime chija. Ndinasuzumira, ndipo ndinaona mutu wa imvi m'dzenje lofika m'chiuno.

"Mukufuna chiyani mmenemo, a Tembo?"

"Malingi anga."

"Munauza mudzi wonse kuti agwa aja ndi anu."

"Ndinalonjeza mkazi wanga kuti sindidzatchula munthu. Sindinalonjeze kuti lingi silidzalankhula. Gwirani chingwe icho, a Fomu Faivi, kapena nachonso simuchidziwa?"

Umo ndi mmene tinayanjaniranso. Cholinga chawo chinali chakuti akafika pa lingi loyamba la pansi, aitane mudzi wonse, apereke hamala yaikulu kwa mnyamata wamphamvu wa mbumba ya a Enoke, amuuze kuti amenye. Iwo sadzanena kanthu. Anthu adzaona okha kuti malingi a pansi ndi ena, a pamwamba ndi ena, ndipo adzadzifunsa okha chimene chinasintha pakati. Ndinawauza kuti njira yapafupi ilipo: aumbe lingi latsopano pabwalo, anthu aone. Anapukusa mutu. Anati la tsopano adzati waikamo simenti yekhayekha mobisa. Mboni ndi okhawo a pansi, chifukwa amai a mudzi uno anawasinjira ndi manja awo, ndipo amuna awo anawatsitsa ndi zingwe zawo.

Nzeruyo inali yolondola, koma thupi linali la nkhalamba. Dothi la dambo ndi lolemera, ndipo linali losakanizika ndi zibenthu ndi waya wopindika. Ine ndinkakoka ndowa pamene msana wandilola, zimene sizinali kawirikawiri. Ana awo anawapempha kuti aleke, poopa kuti a Enoke angamve ngati akutokosedwa. Chilimwe chilichonse ankatsika mpaka mutu usaoneke, ndipo dzinja lililonse mvula inkagwetsera m'mbali n'kubweza dzenjelo pafupi ndi pamene anayambira. Kenaka pakati pa zaka zimenezo kunabwera galimoto yobowola, niika mjigo pafupi ndi msewu. Anthu anapeza madzi, ndipo nkhani ya chitsime inasiya kukhala nkhani. Chinatsala ndi dzina lokha lija, limene ana ankalitola kwa akulu osadziwa ndi tanthauzo lomwe. Ndikuganiza kuti mjigowo unawapweteka kuposa msonkhano uja, ngakhale iwonso ankamwa madzi ake.

A Tembo anadwala chifuwa m'nyengo yozizira ya 1998. Nditapita kukawazonda ndinawapeza ali padzuwa, atafunda bulangete. Sanadandaule za matenda. Anandiuza kuti konkire wa dothi lootcha akakhala m'chinyezi saleka kulimba, timizu timangopitiriza kudya laimu chaka ndi chaka, ndipo malingi aja tsopano ayenera kuti ali ngati mwala wa mumtsinje. Anati m'mudzi monse muno ndi okhawo amene zinthu zikuwayendera. Anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa. Kenaka anandifunsa ngati dambo lauma mokwanira kuti munthu n'kuyamba kukumba. Ndinati likadali lonyowa. Anamwalira lisanaume.

A Enoke ananyamula nawo bokosi. Iwonso anatsatira patapita zaka zochepa, ndipo amai Belita anapita pambuyo pawo. Mwa onse amene anaona beseni lija, ndatsala ine. Owerenga ali ndi ufulu wondifunsa umboni, ndipo ndiyankha mosabisa: malingi a pansi sindinawaonenso chiwatsitsireni. Ndili ndi mawu a mayi amene anasenza dothi la pachulu, chibenthu chimene chinasungunuka ndikuona, ndi maphunziro anga, amene amandiuza kuti a Tembo sankalota. Ndapemphapo anyamata a mudzi uno kuti tikumbe. Amandiyankha mwaulemu, monga adzukulu kwa agogo awo, kuti, "Ba shikulu, manzi yaliko ku mujigo," n'kupitiriza ulendo.

Mwambo wa kumanda utatha sindinapite kukadya. Ndinatsikira kudambo. Malo aja tsopano ali m'munda wa Agnesi, umene anapatsidwa ndi malume ake ndipo palibe anamulandapo. Chitsime palibe, dzenje palibe. Pali kachigwa kozungulira kofika m'mawondo, komera bango pakati, ndipo m'mphepete mwake muli kamtumbira ka dothi limene a Tembo anatulutsa chilimwe chomaliza, kataphwa ndi mvula. Mizere ya Agnesi imayenda molunjika kuchokera kumtunda, koma ikafika pamenepo imakhota, n'kulambalala, n'kukaongokanso kutsidya. Agnesi ananditsatira chapatali, akadali m'chitenje cha mwambo, naima pambali panga. Ndinamufunsa chifukwa chake sakwirira malowo kuti alimepo, kapena kulemba anthu kuti akumbe afike pansi.

"Nikafocera, ninshi navomera," anatero. "Nikakumba, ninshi nayamba nkhondo na bamene nikhala nabo. Lekani pankhale tero, ba Mwanza."

Anabwerera kukasamalira alendo ake. Ine ndinatsala. Mphepo inkagwedeza bango, mbuzi ya wina inatsikira m'kachigwamo kukadya msipu umene umakhala wobiriwira ngakhale m'chilimwe, ndipo kuchokera kumsewu kunkamveka mjigo ukulira.